Khomo analitsegula, kiyi anatsala m'thumba mwa kochi: mbiri ya matimu a yunivesite ya El Paso

Mzinda wa El Paso uli kumapeto kwenikweni kwa chigawo cha Texas, chakumadzulo, m'chipululu. Ukaima pamtunda mumzindawu umaona madenga a Ciudad Juárez, mzinda wa ku Mexico, tsidya lina la mtsinje wa Rio Grande. Kuti ukafike ku Houston, mzinda wa m'chigawo chomwecho, uyenda pagalimoto makilomita pafupifupi 1,200. Kutali kumeneku n'kumene kuli University of Texas at El Paso, imene ambiri amangoitchula kuti UTEP. Pa mndandanda wa mayunivesite olemera a ku America siipezekapo. Koma matimu ake atengapo zikho 21 za dziko lonse, ndipo zambiri mwa izo anazibweretsa ndi anyamata akuda amene sukulu zina zinkawakana, kenako anyamata ochokera kuno ku Africa.

Nkhani ya sukuluyi imakonda kunenedwa ngati nthano ya azungu abwino mtima amene anatsegulira anthu akuda khomo. Khomolo linatsegukadi, izo n'zoona. Koma tikaitsata chaka ndi chaka tiona chimene chinawachititsa kutsegula, ndi amene ankasunga kiyi.

Tiyambe ndi momwe masewera a m'mayunivesite amayendera kumeneko, chifukwa n'zosiyana kwambiri ndi mipikisano ya m'makoleji imene tinazolowera kuno. Ku America yunivesite imakhala ndi matimu ake oyimira sukulu yonse, makochi olembedwa ntchito, mabwalo akuluakulu ndi masapota olipira pakhomo. Amene amayang'anira zonsezi ndi bungwe la NCAA, limene linayamba mu 1906 anthu atadandaula ndi kuchuluka kwa anyamata ofera mu mpira wa chi America, uja wogundana atavala zipewa. Wosewera waluso amapatsidwa sikolashipu: fizi, pogona, chakudya ndi mabuku. Kwa zaka zoposa 100 malipiro anali oletsedwa. Mkulu wa NCAA kuyambira 1951, Walter Byers, ndiye anafalitsa dzina lakuti student-athlete, ndipo atakalamba anavomereza yekha kuti cholinga chinali choti makhothi asamaone osewerawo ngati antchito oyenera chipukutamisozi akavulala. Sungani mfundo imeneyi, tiifuna kutsogoloku.

Sukulu ya El Paso inatsegulidwa mu 1914 ndi ophunzira 27 okha, ndipo inkaphunzitsa za migodi. N'chifukwa chake mpaka lero matimu ake amatchedwa Miners, kutanthauza anthu a m'migodi. Mu 1949 inasintha dzina n'kukhala Texas Western College. Monga sukulu zonse za boma za azungu ku Texas, munthu wakuda sankaloledwa. Mtsikana wina wa mumzindamo, Thelma White, amene anakhoza kuposa onse m'kalasi mwake ku sekondale, anapempha malo n'kukanidwa. Anakasuma mothandizidwa ndi bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda la NAACP, ndipo mu 1955 khothi linagamula momukomera. Chaka chomwecho ophunzira akuda oyamba analowa. Thelma White mwiniwakeyo sanaphunzirepo pasukuluyi, anapitiriza maphunziro ake ku New Mexico. Khomo anagogoda ndi iye, olowa anali ena.

A zamasewera sanachedwe kuona mwayi. Mu 1956 timu ya basketball inatenga Charles Brown, pa nthawi imene mayunivesite akuluakulu a azungu akumwera kwa America analibe wosewera wakuda ndi mmodzi yemwe. Ganizirani sukulu yosauka, ya m'chipululu, imene mwana waluso wa mzungu wa ku Dallas kapena Houston sangaiganizire n'komwe. Ipikisana bwanji ndi anzake? Itenga amene anzakewo akuwasiya. Tsankho la ena linasanduka msika wa El Paso. Mzindawo nawonso unali wosiyanako ndi mizinda ina ya ku Texas, popeza anthu ambiri anali ochokera ku Mexico, ndipo mu 1962 khonsolo yake inaletsa tsankho m'malesitanti, m'mahotela ndi m'nyumba zoonetsera kanema, kutatsala zaka ziwiri kuti dziko lonse lichite chimodzimodzi.

Mu 1961 kunabwera kochi Don Haskins, mzungu wa ku Oklahoma amene ankaphunzitsa basketball m'masekondale a m'matauni ang'onoang'ono. Anapeza kale osewera akuda pa timupo, mmodzi mwa iwo Nolan Richardson, uja anadzatenga chikho cha NCAA mu 1994 ali kochi wa Arkansas. Haskins anawonjezera moto. Anasakasaka anyamata m'mizinda ya kumpoto: Bobby Joe Hill wa ku Detroit, Orsten Artis ndi Harry Flournoy a ku Gary, Willie Worsley, Willie Cager ndi Nevil Shed a ku New York, kuphatikizapo David Lattin wa ku Houston. Pofika 1965 timuyo inali ndi osewera 12: akuda 7, azungu 4 ndi mmodzi wa makolo a ku Mexico.

Masiku amenewo kunali chikhulupiriro pakati pa makochi ndi atolankhani ambiri chakuti wosewera wakuda amatha kuthamanga ndi kulumpha basi, koma mutu wowerengera masewera alibe, ndiye pabwalo pamafunika mzungu woti aziwatsogolera. Ngakhale matimu amene anali ndi osewera akuda ankawerengetsera kuti asachuluke nthawi imodzi. Loyola ya ku Chicago inayesa kuswa mwambowu mu 1963 pamene inatenga chikho itayamba ndi akuda anayi. Asanu onse, pa fainolo, zinali zisanachitikepo.

Pa 19 Malichi 1966, m'bwalo la Cole Field House ku Maryland, Texas Western inakumana ndi Kentucky. Kentucky inali ya azungu okhaokha, kochi wake Adolph Rupp anali atatenga kale zikho zinayi, mu 1948, 1949, 1951 ndi 1958. Haskins anayambitsa Hill, Lattin, Artis, Worsley ndi Flournoy. Olowa m'malo anali Cager ndi Shed. Usiku wonsewo mzungu wa Texas Western sanaponde pabwalo. Masewera atangoyamba Lattin anadumpha n'kuumenyetsa mpira m'nkhata pamutu pa Pat Riley, yemwe uja anadzakhala kochi wotchuka wa Los Angeles Lakers. Chigawo choyamba chili mkati, Hill analanda mpira kawiri motsatizana n'kugoletsa kawiri konse, ndipo kuyambira pamenepo Kentucky inangokhala yothamangitsa. Zinatha 72 kwa 65. Hill yekha anagoletsa mapointi 20.

Chimene chinapweteka a tsankho kwambiri ndi kaseweredwe kake. Anyamata aja ankanenedwa kuti alibe mwambo ndi amene anasewera modekha, kutchinga molimba, kudikira mpata. Pa mipira 34 yoponya ataima pamzere mdani akalakwa, 28 inalowa. Chaka chonsecho anapambana masewera 28 n'kugonja kamodzi kokha, kwa Seattle. Haskins ankanena mpaka imfa yake mu 2008 kuti iye sankafuna kuphunzitsa dziko kanthu, anangosankha osewera amene akanamupambanitsa. Tikhoza kumukhulupirira. Koma olemba makalata sanasamale zimenezo: analandira makalata achipongwe zikwizikwi.

Zotsatira zake zinaoneka msanga. Mu 1967 Perry Wallace wa ku Vanderbilt anakhala wakuda woyamba kusewera basketball mu ligi imene Kentucky inkasewera, ndipo mu 1969 Rupp mwiniwake anasainitsa wosewera wakuda woyamba, Tom Payne. Filimu ya Glory Road ya mu 2006 imathera pa chisangalalo cha 1966. Mbiri yeniyeni inapitirira, ndipo chigawo chotsatiracho sichikoma kuonera.

Mu 1967 sukuluyi inatenga dzina la UTEP. Timu yake ya liwiro ndi kulumpha inali itayamba kukula, ndipo inali ndi mnyamata wa ku New York dzina lake Bob Beamon, katswiri wolumpha mtunda. Kumayambiriro kwa 1968 anapambanira sukuluyi pa mpikisano wa NCAA wochitikira m'nyumba. Kenako pa 4 Epulo Martin Luther King anawomberedwa ku Memphis. Patangopita masiku ochepa timuyo inayenera kukapikisana ndi Brigham Young University, sukulu ya mpingo wa Mormon, umene pa nthawiyo sunkalola mwamuna wakuda kukhala wansembe, lamulo limene linadzachotsedwa mu 1978. Beamon ndi anzake angapo akuda anakana kupita. Sukulu ija inatchuka dziko lonse chifukwa cha osewera akuda inawachotsa pa timu n'kuwalanda masikolashipu.

Apa ndi pamene mfundo ya Byers ija imaonekera bwino. Wantchito akanyanyala amakhala ndi malamulo omuteteza. Student-athlete alibe. Pamapepala ndi mwana wasukulu amene wapatsidwa mphatso, ndipo mwini mphatso akhoza kuibweza. Anyamatawa ankaloledwa kuthamanga, kulumpha ndi kudzaza bwalo. Atangotsegula pakamwa, fizi inatha.

Mu Julayi chaka chomwecho magazini ya Sports Illustrated inasindikiza nkhani zotsatizana za mtolankhani Jack Olsen zokhudza moyo wa osewera akuda, ndipo gawo lathunthu linali la UTEP. Osewera anadandaula za kusungulumwa, za mayina achipongwe, za kuopsezedwa akamayenda ndi atsikana achizungu. Akuluakulu a sukuluyi anakwiya nazo, ndipo ena mwa osewera a 1966 anadzanena pambuyo pake kuti nkhanizo zinakokomeza, makamaka poonetsa ngati iwo sankaphunzira. Pamenepa ali ndi mfundo: Cager anadzakhala mphunzitsi ku El Paso komweko, Artis wapolisi wofufuza milandu kwawo ku Gary, Worsley kochi wa ana ku New York. Komabe za Beamon ndi anzake palibe anatsutsa, zinachitika poyera.

Ndiye tamvani izi. Pa 18 Okutobala 1968, ku Olympics ya ku Mexico City, Beamon yemweyo, wopanda timu ya sukulu, akuthandizidwa ndi mnzake wopikisana naye Ralph Boston, analumpha mamita 8.90. Rekodi ya dziko lonse inali 8.35. Anawonjezera masentimita 55 pa kulumpha kumodzi, m'masewera amene anthu ankakanganirana sentimita imodzi kapena awiri. Makina oyezera sanafike pamene anatera, mpaka oyang'anira anachita kutenga tepi. Rekodiyo inakhala zaka pafupifupi 23, kufikira Mike Powell atalumpha 8.95 ku Tokyo mu 1991. Munthu ameneyu UTEP inali itamuthamangitsa miyezi 6 yapitayo.

M'zaka za m'ma 1970 mayunivesite onse akumwera anali atayamba kulimbirana osewera akuda a ku America. Msika uja El Paso inkagulapo yokha unadzaza. Kochi wa othamanga, Ted Banks, amene anayamba mu 1972, anachita zomwe Haskins anachita, kungoti iye anaponya maso kutali. Kip Keino ndi anzake anali ataonetsa kale ku Mexico City kuti East Africa ili ndi miyendo. Nthawi imeneyo kuthamanga kunalibe mphotho za ndalama monga lero, moti wothamanga wa ku Kenya kapena Tanzania ankadalira ntchito ya usilikali, upolisi kapena ya ndende kuti apeze nthawi yokonzekera. Ndale nazonso zinawatsekera mabwalo: maiko ambiri a mu Africa ananyanyala Olympics ya 1976 ku Montreal chifukwa timu ya rugby ya New Zealand inakasewera ku South Africa ya tsankho, ndipo Kenya inanyanyalanso ya 1980. Munthu akabwera ndi tikiti ya ndege, fizi ndi mipikisano ya sabata ndi sabata, ukana bwanji?

Paja akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Suleiman Nyambui, wobadwira m'dera la Musoma m'mbali mwa nyanja ya Victoria, kwa aneba athu ku Tanzania, anafika ku El Paso ali ndi zaka za m'ma 25. Pakati pa 1979 ndi 1982 anapambana mipikisano 15 ya NCAA payekha, kuphatikizapo mamita 10,000 zaka zinayi zotsatizana. Mu 1980, akadali mwana wasukulu, anatenga mendulo ya siliva pa mamita 5,000 ku Olympics ya ku Moscow, kumbuyo kwa Miruts Yifter wa ku Ethiopia. Mendulo imeneyo ndi ya Filbert Bayi ya chaka chomwecho ndi zokhazo zimene Tanzania ili nazo ku Olympics. Pa timu yomweyo panali Gidamis Shahanga, Mtanzania mnzake amene anapambana marathon ya Commonwealth mu 1978, ndi Michael Musyoki wa ku Kenya, amene anadzatenga bronze pa mamita 10,000 ku Los Angeles mu 1984.

Chimake cha zonsezi chinali mpikisano wa cross country wa 1981 ku Wichita. Mu mpikisano umenewu amawonkhetsa manambala amene othamanga asanu oyamba a timu amalizira, ndipo timu ya mapointi ochepa ndiyo yapambana. Mukatenga nambala 1 mpaka 5 nonse, mupeza 15, kutsika kuposa apo n'kosatheka. UTEP inapeza 17, pakati pa mayunivesite a dziko lonse la America. Woyamba kufika anali Matthews Motshwarateu wa ku Soweto, amene kwawo ankamutcha Loop en Val chifukwa ankathamanga ngati agwa pompo. Dziko lake linali loletsedwa ku Olympics, choncho jezi ya Miners ndi imene inamuonetsa kudziko. M'zaka zosakwana 10 Banks anatenga zikho 17 za NCAA.

Makochi a sukulu zina sanasangalale. Dandaulo lawo linali lakuti ana a zaka 18 a ku America akupikisana ndi madoda a zaka 26 odziwa kale mabwalo a dziko lonse, komanso kuti masikolashipu akupita kwa alendo. Dandaulo loyambalo linali ndi pogwira, Nyambui sanali mwana ayi. Koma alendowo sanaswe lamulo lililonse pobadwa kale, ndipo NCAA inali itayesapo kale kuwatchinga. Howard University, sukulu ya anthu akuda ya ku Washington, itatenga chikho cha mpira wamiyendo mu 1971 ndi osewera a ku Africa ndi ku Caribbean, inalandidwa chikhocho. Pa mlandu umene unatsatira, khothi linapeza kuti lamulo la zaka limene linkakhudza alendo okha linali la tsankho, ngakhale chikhocho sichinabwezedwe. Howard inakachitenganso pabwalo mu 1974. NCAA inaphunzirapo kanthu: kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 inabweretsa lamulo lokhudza aliyense pamapepala, lakuti chaka chilichonse chimene munthu wapikisana atapitirira zaka 20 chizichotsedwa pa zaka zake zinayi zosewerera yunivesite. Amene linawagwira kwenikweni aliyense ankawadziwa.

UTEP nayonso isadzionetse ngati yoyera. Banks atachoka, chikho cha cross country cha 1983 chinalandidwa chifukwa sukuluyi inaswa malamulo a NCAA, ndipo ufumu uja unathera pomwepo. Kuchokera 1982 sinatengenso chikho cha timu cha dziko lonse. Ku mpira wa chi America, umene umadya ndalama zambiri m'masukulu amenewa, zinthu sizinayendepo bwino kwenikweni: mu 2017 timuyo inagonja masewera onse 12.

Njira ya ku Africa ija yokha sinatsekeke. Paul Ereng wa ku Kenya, amene anatenga golide pa mamita 800 ku Seoul mu 1988, anadzakhala kochi ku El Paso, ndipo wophunzira wake Emmanuel Korir anatenga golide pa mtunda womwewo ku Olympics ya ku Tokyo mu 2021. Tobi Amusan wa ku Nigeria, amene anaswa rekodi ya dziko lonse ya mamita 100 odumpha zotchinga mu Julayi 2022 ndi masekondi 12.12, anadutsanso pomwepo. Kwa anthu ngati amenewa sikolashipu ya masewera inasinthadi moyo, ndipo amene anganene kuti onsewa anangodyeredwa masuku pamutu akunama.

Koma funso la kiyi lija silinathe. Mu Juni 2021 khothi lalikulu la America, majaji onse 9 mogwirizana, linagamula motsutsa NCAA pa mlandu wa Alston, ndipo kuyambira pa 1 Julayi chaka chomwecho osewera analoledwa kupanga ndalama ndi dzina lawo ndi nkhope yawo, monga kutsatsa malonda pa Instagram. Mu 2025 khothi linavomerezanso mgwirizano wolola mayunivesite kugawana ndalama ndi osewera mwachindunji. Zimene Byers ankaopa zafika. Koma wophunzira wochokera kunja amalowa ndi viza ya F-1, imene imaletsa ntchito zambiri zolipidwa ali m'dzikomo. Ndiye kuti mtsikana wa ku Lagos kapena mnyamata wa ku Eldoret akhoza kupambana mpikisano, mnzake wa ku Texas amene wamaliza wachisanu n'kusaina kontirakiti, iye n'kumaopa kuti akalandira kanthu viza iwonongeka.

Enafe tili ndi achimwene ndi achemwali amene amalota zopita kunja kudzera m'miyendo kapena mu basketball, ndipo malotowo si oipa. Mbiri ya El Paso ikungotiuza mafunso oti tifunse tikiti isanagulidwe. Sikolashipuyo ndi ya zaka zinayi kapena ya chaka chimodzi chongowonjezera kochi akakondwa? Paja kuyambira 1973 mpaka cha m'ma 2012 NCAA inkalola ya chaka chimodzi yokha. Bondo likathyoka, fizi alipira ndani? Kochi amene wakuitanayo akachoka, wobwerayo akufuna? Nanga maphunziro amene akulembetsawo ndi amene iwe ukufuna, kapena ndi ongoti asasokoneze nthawi ya tirenin'gi? Sukulu imakuitana chifukwa ili ndi vuto limene miyendo yako ingathetse. Ukadziwa zimenezo umalowa maso ali otsegula, n'kutengako chimene wadzera.

Bob Beamon digiri anaipeza ndithu, mu 1972, ya maphunziro a chikhalidwe cha anthu. Pa satifiketi yake palembedwa Adelphi University, sukulu ya kwawo ku New York, makilomita oposa 3,000 kuchokera ku El Paso.